Kodi anawononga magalimoto a ku Britain ndi anthu a sitalaka?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnzathu wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Birmingham. Akuti mmodzi mwa agogo amene amawasamalira anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ya magalimoto ya Longbridge, koma nkhani ikafika pa British Leyland, kampani imene inali mwini wa fakitaleyo, amangoti zii, n'kuzolika. Mnzathuyu wakhala akumva anthu akunena kuti magalimotowo ankafa msanga chifukwa antchito anali aulesi, okonda sitalaka. Ndiye wafunsa ziwiri: kodi zimenezi n'zoona? Ndipo poti wina akugulitsa Triumph Stag yakale yokongola kwabasi, agule?

Achimwene, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi agogowo, chifukwa nkhani yawo yandikhudza. Kuti magalimoto ambiri a British Leyland a zaka za m'ma 1970 anali ovuta, n'zoona, sindingabise. Kuti kunali kunyanyala ntchito kosatha, n'zoonanso. Koma kusenzetsa mlandu wonse munthu amene ankamanga mabawuti pa mzere wopangira magalimoto, ine ndimakana. Galimoto zambiri zinkafika m'manja mwake zitalakwika kale pa pepala.

British Leyland inabadwa mu 1968, boma la Harold Wilson litalimbikitsa kuti makampani awiri akuluakulu, British Motor Holdings ndi Leyland, aphatikizane. Pansi pa denga limodzi panapezeka Austin, Morris, MG, Jaguar, Rover, Triumph ndi ena, ndipo wamkulu wake anali Donald Stokes. Makampaniwa dzulo lake anali opikisana, ndipo chimtima chimenecho sichinathe. Aliyense ankakakamira injini zake, mainjiniya ake, mashopu ake ogulitsira. Mafakitale anali mbwee dziko lonse, ambiri okhala ndi makina okalamba, moti mabodi a galimoto zina ankapangidwa kwina n'kunyamulidwa pa lole kupita kwina kukamalizidwa. Ndalama zochepa zimene zinalipo zinkagawidwa pa mitundu yambirimbiri. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Stag imene mukuisirirayo ndi chitsanzo chabwino, choncho ndikhalitsepo pang'ono. Inatuluka mu 1970, maonekedwe ake anajambula ndi Giovanni Michelotti wa ku Italy, ndipo mpaka lero munthu ukaiona umatembenuka. Nthawi imeneyo kampani yomweyo inali kale ndi injini ya V8, ya masilinda asanu ndi atatu, ya malita 3.5 ya Rover, yochokera ku Buick ya ku America, injini yopepuka ndi yolimba. Koma Stag inatuluka ndi V8 ya Triumph, ya malita 3, yatsopano ndi yosakhwima.

Tsegulani boneti muone. Pampu ya madzi anaiika pamwamba, pakati pa mizere iwiri ya masilinda. Madzi akangotsika pang'ono, pampu imayamba kuzungulira pouma pamene injini ikupsa. Buloko, thunthu la injini, ndi yachitsulo, mahedi ovundikira masilinda ndi a aluminiyamu, ndipo ziwirizi zimafufuma mosiyana zikatentha. Mwini wake akamathira madzi okhaokha opanda mankhwala oletsa dzimbiri, aluminiyamu amadyeka, zinyenyeswa zake n'kutseka ladiyeta. Hedi imapindika, gasiketi imapsa. Makaniko akati achotse hedi, amapeza mabawuti ena, amene analowa mopendekeka, atagwirana ndi aluminiyamu osasunthika. Matcheni a taimingi ndi aatali, a mzere umodzi, ndipo amafunika kusintha pa makilomita pafupifupi 40,000 alionse. Ukachedwa amatha kudumpha, mavavu n'kugundana ndi mapisitoni. Pamwamba pa zonsezi, injini zina zinkatuluka mchenga woumbira buloko udakali m'njira za madzi.

Tsopano werengani zolakwikazo chimodzichimodzi. Mchenga wotsalawo, inde, ndi ntchito yosasamala komanso kusowa kwa munthu wofufuza katundu asanatuluke. Koma pampu, matcheni ndi mabawuti opendekeka anazisankha ndi anthu a mu ofesi yojambula. Wogwira sipanala sakanatha kukonza zimenezo ngakhale akanakhala wakhama chotani. Pofika 1977 Stag inasiya kupangidwa, zitatuluka pafupifupi 26,000 zokha.

Zinali chimodzimodzi kwina. Morris Marina ya 1971 inapangidwa mothamanga kuti ilimbane ndi Ford Cortina, ndipo kumiyendo yakutsogolo anagwiritsa ntchito kapangidwe ka Morris Minor ya 1948. Zoyambirira za injini ya 1.8 zinkakana kukhota bwino pa kona, mpaka atolankhani oyesa magalimoto anadandaula ndipo kampani inasintha. Austin Allegro ya 1973 inabwera ndi chiwongolero chokhala ngati cha ngodya zinayi, chimene anadzachisiya posakhalitsa. Ngakhale Mini yotchuka ija, itangotuluka mu 1959, inkalowa madzi pansi chifukwa malata anawalumikiza mopingasa, polowera madzi m'malo mowakankhira kunja. Za magetsi a kampani ya Lucas ndiye zinafika poti anthu anaipatsa dzina loti Kalonga wa Mdima.

Imene imandimvetsa chisoni kwambiri ndi Rover SD1. Imeneyi inajambulidwa bwino, inatuluka mu 1976, n'kupata ulemu wa galimoto yopambana ku Ulaya konse mu 1977. Anaimangira fakitale yatsopano ku Solihull. Koma ogula anayamba kubwerera nayo: penti ikusupuka, madzi akulowa, za magetsi zikufa, zitseko zosakhala bwino. Apa mlandu unalidi wa momwe inkamangidwira, ndipo antchito, akapitawo ndi ogulitsa zipangizo onse ali nalo gawo lawo.

Za sitalaka sindizichepetsa. Ku Speke, ku Liverpool, kumene ankapanga Triumph TR7, ntchito inaima pafupifupi miyezi inayi kuyambira kumapeto kwa 1977, ndipo mu 1978 fakitaleyo inatsekedwa. Ku Longbridge komweko mtsogoleri wa antchito, Derek Robinson, anachotsedwa ntchito mu November 1979. Mzere ukamaima n'kuyambanso, galimoto zosamalizidwa zimakhala panja kudikira zipangizo, mvula ikuzikhapa, kenako zimamalizidwa mwa chigulumizi. Koma tifunsenso kuti mkanganowo unkachokera kuti. Kwa zaka zambiri malipiro anali ngati a ganyu: umalandira malinga ndi kuchuluka kwa zimene wapanga. Munthu wolipidwa motero amathamangira chiwerengero, ndipo mtundu watsopano wa galimoto ukabwera, mtengo wa ntchito iliyonse umayamba wakanganiridwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampani inasintha n'kuyamba kulipira pa tsiku, ndipo kusinthako kunabweretsa mikangano yakenso. Mabwana nawo ankafuna kuti galimoto zituluke basi, zolakwika akaone wogulitsa. Kumapeto kwa 1974 ndalama zinatha, ndipo mu 1975, lipoti la Don Ryder, mlangizi wa boma pa za mafakitale, litatuluka, boma linatenga kampaniyo.

Nthawi yomweyo ma Datsun ndi ma Toyota anali atayamba kudzaza misewu. Nawonso ankachita dzimbiri, koma ankalira m'mawa uliwonse ukangotembenuza kiyi, ndipo munthu wopita ku ntchito amafuna chimenecho.

Umboni umene ndimaudalira kwambiri ndi uwu. Michael Edwardes, wobadwira ku South Africa, anatenga utsogoleri wa British Leyland mu 1977, ndipo kumapeto kwa 1979 anasainirana pangano ndi Honda. Mu 1981 fakitale ya Cowley, ku Oxford, inayamba kupanga Triumph Acclaim, imene kwenikweni inali Honda Ballade. Cowley ndi komwe kunkapangidwa Marina. Anthu ake anali a m'tauni yomweyo, a mabungwe a antchito omwewo. Koma Acclaim inatchuka ndi kusavuta, ndipo madandaulo a pa waranti anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi magalimoto ena a kampaniyo. Chinasintha n'chiyani? Galimoto inajambulidwa kuti izimangika mosavuta, zipangizo zinkalowana bwinobwino popanda kumenya ndi hamala, ndipo zinali zitayesedwa mokwanira. Ku Jaguar, John Egan atafika monga mtsogoleri mu 1980 anapeza kuti zolakwika zambiri zinkachokera ku zipangizo zogula kwa makampani ena, n'kuwapanikiza kuti azilipira okha zikafa. Mu 1986 Nissan inatsegula fakitale ku Sunderland, n'kulemba anthu a ku England komweko, ndipo inadzakhala imodzi mwa mafakitale ochita bwino kwambiri ku Ulaya.

Koma Longbridge siinapulumuke. Kampani inadutsa m'manja mwa British Aerospace mu 1988, BMW mu 1994, kenako mu 2000 gawo lake lokhala ndi Longbridge linagulitsidwa pa mapaundi 10 okha. Mu April 2005 gawolo, limene linkatchedwa MG Rover, linagwa, anthu pafupifupi 6,000 n'kutsala manja ali m'khosi. Mwina n'chifukwa chake agogo anuwo amazolika. Moyo wawo wonse unathera pamenepo, ndiye lero azimva dzina la ntchito yawo likusekedwa.

Tsopano za kugula. Ngati mukufuna galimoto yopitira ku ntchito usiku, m'nyengo yozizira, Stag ayi. Ngati muli nayo ina yodalirika ndipo iyi ndi yapamtima, n'zotheka, chifukwa matenda ake onse akudziwika tsopano ndipo masipeyala amapezeka. Funsani mapepala osonyeza tsiku limene matcheni anasinthidwa. Injini isanalizidwe, tsegulani chotsekera cha oyilo muone ngati pali zoyera ngati phala, chizindikiro choti madzi akusakanikirana ndi oyilo. Mvetserani ngati kutsogolo kukuchita phokoso la tcheni ikangolira kumene. Isiyeni ikulira itaima kwa mphindi 20, maso anu ali pa geji ya kutentha. Gwadani muone dzimbiri pansi pa zitseko ndi pansi pa makapeti, ndipo mupite ndi makaniko woidziwa injini imeneyi.

Mukakawaonanso agogowo, muwafunse kuti ankagwira mbali iti ya mzere, ndiponso galimoto imene ankainyadira kwambiri inali iti. Mundilembere zimene akakuuzeni, ndikufunitsitsa kumva.