Mafunso Anu: Kodi makina obenera othamanga kwambiri ndiwo abwino?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ine ndili ndi kashopu pa Chitakale ku Mulanje, ndipo ntchito yanga ndi kujambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya nkuwabena pa ma DVD, poti ngakhale achinyamata masiku ano amabwera ndi fulashi kapena memore khadi, makolo ndi akomiti ya kwaya amafunabe chimbale chogwirika m'manja. Makina obenera ndili nawo awiri: ena ali m'kati mwa kompyuta ya padesiki ndipo analembedwa 24x, ena ndi aang'ono olumikiza pa USB olembedwa 8x. Mwezi wathawu ndinabena zimbale 30 za kwaya ina pa liwiro lomaliza la makina aakuluwo, koma zingapo zabwezedwa. Eniake akuti zimayamba bwinobwino, koma pofika nyimbo zomaliza zimadodoma ndipo chithunzi chimasweka timabokosi. Kodi makinawa atha? Nanga ndigule a kampani iti? Wobena zimbale, Chitakale.

YANKHO: Bambo, musafulumire kutaya makinawo, chifukwa mfundo mwatchulayi, yoti vuto likubwera kumapeto kokha, ikuloza kwambiri ku liwiro limene munasankha ndi mtundu wa zimbale munagulazo. Tengani chimbale chimene munabenapo zinthu zochepa, muchitembenuze ndi kuchipendeketsa pang'ono pa kuwala kwa pazenera. Mudzaona kuti mbali yolembedwa, imene imaoneka yoderapo, yayambira pafupi ndi bowo lapakati nkumafalikira kunja. Umo ndi momwe makina amalembera, kuchokera m'kati kumka kumphepete, choncho nyimbo zomaliza za kwaya ija zinakhala kumphepete kwenikweni kwa chimbale.

Nambala yolembedwa pa bokosi imanamiza anthu ambiri. Pa DVD, 1x ndi pafupifupi 1.38 MB pa sekondi, kutanthauza kuti 16x ndi pafupifupi 22 MB pa sekondi, koma makina salemba pa liwiro limeneli kuyambira poyamba mpaka pomaliza ayi. Mukasankha 16x, chimbale chimazungulira maulendo oposa 9,000 pa mphindi osasintha, ndipo poti mzere wam'kati ndi waufupi pomwe wakunja ndi wautali, kulemba kumayambira cha pa 6x kapena 7x, nkumakwera pang'onopang'ono, ndipo 16x yeniyeniyo imakwana pamene kuwala kwa laser kwafika kumphepete. Tsono kumphepeteko nkomwe chimbale chimanjenjemera kwambiri chikakhala chopindika ngakhale pang'ono, ndiponso nkomwe utoto umene laser amautentha polemba sukhala wosalala bwino pa zimbale zotchipa. Malo ofooka kwambiri a chimbale ndi amene amalembedwa mothamanga kwambiri. Kompyuta yanu ikhoza kuwerenga chimbale chotero popanda chovuta, koma DVD player yakale ya kumudzi, imene diso lake latopa komanso lamwa fumbi, imalephera pomwepo.

Za 24x yo musaziwerengere nkomwe, chifukwa zimbale za DVD zambiri zogulitsidwa m'mashopu zinalembedwa 16x, ndipo makina amapyola pamenepo pa mitundu yochepa chabe imene akuidziwa bwino. Funso lenileni nloti mumapindulanji pothamanga. Chimbale chodzaza cha 4.7 GB chimatha m'mphindi pafupifupi 6 pa 16x, pomwe pa 8x, pa makina omwewo a m'kompyuta ya padesiki, chimatha m'mphindi 8 kapena 9. Pa zimbale 30 munapulumutsa mwina ola limodzi ndi theka, koma taonani tsopano mukubenanso zimene zabwezedwazo ndi ndalama zanu, osanenapo za mbiri ya shopu imene akwaya aja akuifalitsa kutchalitchi.

Poyerekeza makina anu awiriwo, ine ndingasankhe aakulu aja pa ntchito ya malonda, bola muwatsitse pa 8x. Iwo amalandira mphamvu ya magetsi kuchokera m'kompyuta momwemo, injini yake ndi yamphamvu, ndipo thupi lake ndi lolemera moti sagwedezeka. Aang'ono a USB amadalira mphamvu yochepa yotuluka pa bowo la USB, imene pa USB 2.0 ndi 500 mA yokha, nchifukwa chake ena amabwera ndi chingwe cha mitu iwiri kuti azikoka mphamvu pa mabowo awiri. Komanso 8x yawo si yofanana ndi 8x ya makina aakulu, poti aang'onowo amayambira cha pa 3x nkukafika 8x kumapeto, moti chimbale chodzaza chimatenga mphindi zopitirira 10. Ndi othandiza pa ulendo, monga mukapita ndi laputopu ku ukwati ku Limbuli, koma si ogwiritsa ntchito tsiku lonse.

Pa nkhani ya kampani, dzina lolembedwa kutsogolo lisakusokonezeni mutu. Opanga makinawa atsala ochepa. Sony Optiarc inatseka mu 2013, ndipo makina ambiri ogulitsidwa ndi mayina osiyanasiyana akhala akuchokera ku makampani ngati Hitachi-LG Data Storage ndi Lite-On. Chimene chimasiyanitsa kwenikweni ndi kugwirizana kwa makina ndi chimbale. Chimbale chilichonse chosabena chimakhala ndi chizindikiro chobisika cha fakitale imene inachipanga, ndipo pulogalamu yaulere ya ImgBurn imachionetsa mukangolowetsa chimbalecho; mudzaona mayina onga CMC MAG, RITEK kapena MCC, ngakhale pamwamba pa chimbalecho palembedwe dzina lina. M'kati mwa makina muli kapulogalamu kotchedwa firmware kamene kali ndi mndandanda wa zizindikirozi pamodzi ndi mphamvu ya laser yoyenera chilichonse, ndipo asanayambe kulemba, makina amayesa kaye mphamvuyo pa kamalo kapadera ka m'kati mwa chimbale. Akakumana ndi chimbale chimene mulibe mu mndandanda wawo amangolemba mongoyerekeza, ndipo pa liwiro lalikulu kuyerekezako sikukwanira. Nchifukwa chake makina amodzi omwewo amatha kubena bwino zimbale za paketi iyi nkuononga za paketi inayo. Zimbale za Taiyo Yuden za ku Japan zinkatamandidwa kwambiri pa ubwino, koma kampaniyo inasiya kuzipanga mu 2015, ndipo palinso zimbale zachinyengo zimene zimaba chizindikiro cha mafakitale odziwika.

Kuti mudziwe zoona pa makina anu, perekani nsembe zimbale zinayi za paketi imodzi. Benani vidiyo imodzimodzi yodzaza chimbale, pa 16x ndi pa 8x m'makina aakulu, kenako pa 8x ndi pa 4x m'makina aang'ono, ndipo chilichonse mulembepo ndi chekeni liwiro ndi mphindi zimene chatenga. Muike chizindikiro pa Verify kuti pulogalamu iwerengenso zimene yalemba. Ngati makina anu amalola, ndipo a Lite-On ambiri amalola, yezani zimbalezo ndi pulogalamu ya Nero DiscSpeed, imene imajambula zolakwika za pa chimbale. Muyeso wa DVD umati zolakwika zotchedwa PI zisapyole 280 ndipo za PIF zisapyole 4. Chimbale chobenedwa bwino chimaonetsa mzere wotsika wofanana kuyambira kumanzere mpaka kumanja, pomwe chobenedwa mothamanga chimayenda chathyathyathya ngati minda ya tiyi kenako nkutumphuka kumanja ngati phiri mumaliona pakhomo pa shopu yanulo. Pomaliza bwerekani DVD player yakale kwambiri imene mungaipeze, mulowetse chimbale chilichonse nkudumphira pa nyimbo yomaliza, chifukwa makasitomala anu akaonera pa makina otero.

FUNSO: Ndine mlembi wa kwaya ya amayi pa mpingo wina ku Luchenza. Mwana wanga anandiuza kuti CD yabwino ndi yobena pa liwiro lotsikitsitsa, 1x kapena 2x, koma kompyuta yathu siionetsa nambala zimenezi. Chinanso, ma CD ena amalira pa kompyuta koma akakanika mu wailesi ya m'galimoto ya abusa, ndipo magetsi akathima pakati pa kubena, CD imaonongeka. Tichite bwanji? Mayi wa ku Luchenza, Thyolo.

YANKHO: Mayi, langizo la mwana wanulo linali loona kalekale pamene ma CD osabena ankapangidwira liwiro lochepa, koma amene mukugula lero analembedwa 48x kapena 52x, ndipo utoto wake unakonzedwa kuti uzitenthedwa mwachangu. Makina atsopano saonetsa 1x kapena 2x chifukwa alibe malangizo olembera pa liwiro limenelo, choncho palibe chimene chaonongeka pa kompyuta yanu. Dziwaninso kuti x ya CD ndi yaing'ono, 150 KB pa sekondi, moti 1x ya DVD ikufanana ndi pafupifupi 9x ya CD, ndipo nambala ziwirizi siziyerekezedwa. Pa nyimbo ine ndimasankha 16x, imene imamaliza CD yodzaza ya mphindi 80 m'mphindi zisanu ndi pang'ono, pomwe 52x imamaliza m'mphindi zosakwana zitatu. Kusiyana kwake sikukwana nthawi yowiritsira madzi a tiyi.

Kukanika kwa mu wailesi ya m'galimoto nthawi zambiri kumachokera kwina. Mukangokopera mafayilo a MP3 pa CD, wailesi yakale imene siidziwa MP3 siiwerenga, choncho posankha mtundu wa ntchito musankhe Audio CD. Onetsetsaninso kuti pulogalamu yatseka chimbale pomaliza, pa mawu akuti Finalize kapena Close disc, ndipo mugwiritse ntchito CD-R, chifukwa CD-RW yofufutika ija imabweza kuwala kochepa ndipo mawailesi akale ambiri saiona.

Za magetsi, makina a masiku ano ali ndi chitetezo chimene kampani ya Sanyo inayambitsa mu 2000 ndi dzina loti BURN-Proof, chimene chimaimitsa laser kompyuta ikachedwa kutumiza zolemba nkupitirizanso pamene anasiyira. Chitetezochi chimagwira ntchito makina ali moyo basi, ndipo magetsi akathima CD-R imeneyo yapita. Benerani pa laputopu yokhala ndi batire labwino, kapena mpingo ugule UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kamene kamapitiriza kupatsa kompyuta mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima, poti mphindi zisanu zokha ndizo zikufunika kuti chimbale chithe.

FUNSO: DVD ya ukwati wathu inkaonetsa bwino zaka zoyamba, koma tsopano ikudodoma ngakhale ilibe mikwingwirima. Kodi wobena uja anathamangitsa? Bambo wa ku Thyolo boma.

YANKHO: Nkutheka, bambo, chifukwa chimbale chobenedwa mothamanga chimayamba moyo wake chili kale ndi zolakwika zambiri, ndipo utoto ukayamba kufooka ndi zaka, makina amafulumira kulephera kuzikonza kusiyana ndi pa chimbale chobenedwa bwino. Koma kasungidwe nakonso kali ndi mbali yake. DVD ndi mapulasitiki awiri a 0.6 mm omatidwa pamodzi, utoto uli pakati, ndipo dzuwa la pazenera ndi chinyezi cha chiperoni cha kwanuko zimaufooketsa, makamaka kuyambira kumphepete. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kumka kunja, osati mozungulira, ndipo sabata ino yomwe mupite nayo kwa munthu wa kompyuta ya padesiki akayese kukopera zonse zili m'menemo. Makina ena akalephera ayese pa ena, poti kawerengedwe kawo kamasiyana. Zikakopeka, akubenereni chimbale chatsopano pa 8x, akuikireninso pa fulashi, ndipo chimbalecho muchisunge m'kabokosi kake, choimika, m'kabati mouma.