Ndasiya shuga mu tiyi, kodi mapiritsi ndingawasiyenso?

Mayi ena andilembera pa imelo. Mwezi watha anapita kuchipatala chifukwa cha ludzu losatha ndi kudzukadzuka usiku kukataya madzi, ndipo atawayeza magazi anawauza kuti ali ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri. Anawapatsa mapiritsi otchedwa metformin. Akufunsa kuti: "Shuga mu tiyi ndinasiya, maswiti ndi makeke sindilawanso, masiku ena nkhomaliro ndimangoidumpha. Kodi ndingasiye mapiritsiwa n'kumangosamala kadyedwe? Akumanditsegula m'mimba."

Mayi, pepani ndi zomwe zakugweranizi. Koma mapiritsiwo musawasiye panokha.

Ambiri akangomva dzina la matendawa amaganiza kuti mdani ndi shuga wa m'kapu basi. Ayi ndithu. Mpunga, buledi, mbatata, chimanga, chilichonse chokhala ndi sitachi chikagayidwa m'matumbo chimasanduka shuga n'kulowa m'magazi, ngakhale chisatsekemere pakamwa. Kapamba amatulutsa timadzi totchedwa insulini kuti shugayo alowe m'minofu, koma pa mtundu wachiwiri thupi silimveranso insulini bwinobwino, ndiye shuga amangoyandama m'magazi. Palinso chiwindi, chomwe chimasunga shuga n'kumamutulutsa usiku mukugona. N'chifukwa chake munthu amatha kugona ndi njala koma m'mawa n'kupeza shuga ali pamwamba. Ntchito yaikulu ya metformin ili pomwepo, kuletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri, ndipo kudumpha nkhomaliro sikungalowe m'malo mwake.

Za m'mimbazo zimachitikira anthu ambiri m'masabata oyamba ndipo kawirikawiri zimatha zokha. Muzimwa piritsilo mukudya kapena mukangomaliza kudya, osati m'mimba muli pululu. Zikapitirira, kauzeni adokotala. Angathe kuchepetsa mlingo n'kumaukweza pang'onopang'ono, kapena kukupatsani mtundu wa metformin womwe umasungunuka mochedwa.

Tsono pa kadyedwe. Njala si mankhwala a shuga, ndipo amene wadumpha nkhomaliro madzulo amadya mobwezera. Chofunika ndi kagawidwe ka mbale. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba. Theka linalo muligawe pawiri, mbali ina nsomba, nkhuku, mazira kapena nyemba, mbali yotsalayo ndiye mpunga kapena mbatata zija, zochuluka ngati chibakera chanu. Ambiri timachita zosemphana, sitachi mulu, masamba kadontho pambali. Mbewu zosapuntha kwambiri, zomwe zikadali ndi gaga wake, zimakweza shuga pang'onopang'ono, koma nazonso zili ndi malire.

Pomwe ndimaumirira kwambiri ndi pa zakumwa. Chitini cha Coca-Cola cha 330 ml chili ndi shuga pafupifupi magalamu 35, kuposa masupuni a tiyi asanu ndi atatu, ndipo poti ndi wamadzi amafika m'magazi mosachedwa. Juwisi wa zipatso naye sasiyana kwenikweni, ngakhale pabotolo alembepo kuti sanathiremo shuga. Idyani lalanje lenilenilo ndi zamkati zake m'malo momwa madzi a malalanje atatu. Uchi komanso shuga wabulawuni, zomwe anzanu ayamba kale kukulangizani (alangizi sasowa munthu akadwala), thupi limazilandira ngati shuga wamba.

Pali manambala ochepa oyenera kuwadziwa. Munthu amapezeka ndi matendawa ngati shuga woyezedwa m'mawa asanadye wafika 7.0 mmol/L (muyezo wa kuchuluka kwa shuga m'magazi), kapena ngati muyezo wina wa magazi wotchedwa HbA1c wafika 6.5%. HbA1c imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, chifukwa shuga amamatirira ku maselo ofiira a magazi omwe amakhala moyo masiku pafupifupi 120. Kudziletsa masiku awiri musanapite kuchipatala sikungainamize. Akuluakulu ambiri amauzidwa kuti ikhale pansi pa 7%, koma funsani adokotala mlingo woyenera inuyo.

Shuga amathanso kutsika mopitirira, pansi pa 3.9 mmol/L. Metformin payokha sichita zimenezi kawirikawiri, koma akadzakuwonjezerani mapiritsi ena a shuga monga glibenclamide ndi gliclazide, kapena jekeseni wa insulini, kudumpha chakudya kumakhala koopsa. Mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire ndi mtima kugunda kwambiri, imwani theka la kapu ya juwisi kapena idyani shuga wokwana magalamu 15, ndipo muyezenso pakatha mphindi 15. Apa pokha maswiti ndi abwenzi anu.

Kodi ndiye mapiritsi mpaka kalekale? Si kwa onse. Kafukufuku wa DiRECT wa ku United Kingdom, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anatsata anthu onenepa omwe anali asanapitirire zaka zisanu ndi chimodzi ndi matendawa. Mwa omwe anaikidwa pa ndondomeko yochepetsa thupi, 46% anali ndi shuga wabwino popanda mankhwala patatha chaka. Koma dziwani kuti ankayang'aniridwa ndi achipatala ndipo ankayezedwa pafupipafupi. Ngati muli ndi thupi lalikulu, kutsitsako ngakhale 5 mpaka 10% ya kulemera kwanu kumathandiza, pamodzi ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. HbA1c ikatsika n'kukhazikika, nkhani yochepetsa mankhwala mudzaikambe ndi adokotala manambala ali patebulo. Ogulitsa zitsamba ndi ufa "wochiziratu shuga" sangakuonetseni manambala otere.

Ludzu likatha musaganize kuti mwachira, shuga amawononga mwakachetechete. Kamodzi pachaka akuyezeni maso, impso ndi mapazi, ndipo kuthamanga kwa magazi muziyezetsa nthawi zonse mukapita. Mapazi muziwayang'ana nokha madzulo aliwonse, pansi ndi pakati pa zala, chifukwa mitsempha ikachita dzanzi kachilonda sikamveka kuwawa.

Nthawi imodzi yomwe metformin imaimitsidwa kaye ndi pamene mukusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri mpaka madzi sakukhazikika. Thupi likauma impso zimalephera kutulutsa mankhwalawo. Zikatero musadikire tsiku lomwe anakulemberani, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga mapiritsi anu onse.