Amalume, za udokotala wopanda jakisoni uja

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona pa gulupa, mwati: "Iwe, sukulu yakoyi idzatha liti? Nanga udokotala wanjiwo wosagwira jakisoni, womangozungulira pa Chinkhoma ndi kope m'manja?" Ndaseka ndekha m'minibasi mpaka kondakitala kunditembenukira. Kulemba kutalika, bola ndingojambula mawu. Phokoso mukulimvalo ndi anyamata a kabaza, ndili pa depoti pa boma pano.

Zimene ndikuphunzirazo pa Chingerezi amati strategic management. Funso lake ndi limodzi basi: anthu awiri ayamba geni yofanana, pamalo amodzi, mpamba wofanana, nanga bwanji pakatha zaka zisanu wina wagula lole pamene mnzake watseka shopu? Kumudzi timathamangira kunena kuti wakhwima. Ife ntchito yathu ndi kufufuza chifukwa chenicheni, ndi umboni wake.

Mwadabwa kuti ndinabwereranso m'kalasi ndili ndi madigiri awiri kale. Eee, ndi mmene zimakhalira. Ku America PhD yotereyi, ndiye udokotala wa maphunziro ndikuchitawu, imatenga zaka ngati 5, ziwiri zoyambirira uli m'kalasi, kenako mayeso aakulu oti ukalephera ulendo ukhoza kuthera pomwepo. Ku Britain ambiri amalowa msanga m'kafukufuku, zaka 3 kapena 4. Ku sukulu kwathu kuja anatiika m'kalasi chaka chimodzi. Koma si kalasi yokopera manotsi pa bolodi ayi. Timakhala anthu ochepa kuzungulira tebulo, aliyense atawerenga mapepala a akatswiri asanu kapena asanu ndi limodzi sabata imeneyo, ndiye aphunzitsi amangokuloza: "Wolemba uyu walakwitsa pati?" Tsiku loyamba ndinangoti kukamwa yasa. Ine ndinakula ndikudziwa kuti zolembedwa m'buku satsutsa.

Ndikupatseni chitsanzo. Mu 1979 Michael Porter wa ku yunivesite ya Harvard ku America analemba kuti phindu la bizinesi limapanikizidwa ndi mphamvu zisanu: opikisana nawo, atsopano ofuna kulowa, ogula, okugulitsani zipangizo, ndi katundu wina amene angalowe m'malo mwa wanu. Taganizani fodya wanu uja. Alimi ndinu miyandamiyanda, makampani ogula ku okushoni ndi owerengeka pa zala, feteleza naye mtengo amakuuzani ndi eni ake. Mwapanikizidwa uku ndi uku, nchifukwa chake mumagwira ntchito chaka chonse koma ndalama imathera m'ngongole. Kenako mu 1991 Jay Barney anati ayi, tisamangoyang'ana kunja, tiyang'anenso chimene bizinesi ili nacho mkati, chamtengo, chosowa, chovuta kukopera. Ine ndimakondera kwa Barney pang'ono, chifukwa ndaziona ndi maso. Pali mayi wina amagula soya ndi mtedza cha kwanu konko, mtengo wake suposa wa mavenda anzake, koma alimi amamudikira pa mzere. Chifukwa? Sikelo yake siba, ndipo amalipira tsiku lomwelo. Sikelo aliyense angagule mawa. Mbiri ya zaka khumi ija ndiye simungaipeze m'sitolo.

Gawo limene linandiliza misozi ndi la masamu. Ndimayesa ndinasiyana nawo ku sekondale, koma ndinakawapeza akundidikira, ma statistics, pa kompyuta m'mapulogalamu monga Stata ndi R. Phunziro lake lalikulu ndi lakuti zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake. Mukaona kuti alimi a m'makopaletivi amapeza bwino, musafulumire kuyamika kopaletiviyo. Mwina amene analowamo ndi amene anali ndi minda ikuluikulu kale. Kulekanitsa ziwirizo ndiye luso limene amatiphunzitsa, ndipo ndi pamene ambiri timagwera.

Pulopozo yanga yoyamba, pepala lofotokoza zimene ndikufuna kufufuza, aphunzitsi ondiyang'anira anaibweza itafiira ndi inki ngati apherapo nkhuku. Pansi analemba mawu ochepa: funso lako lakula kwambiri. Ndimafuna kufufuza ulimi wa Malawi yense, eti! Pano ndachepetsa: makopaletivi a muno m'Kasungu amene akusiya fodya kupita ku soya ndi mtedza, amasankha bwanji, ndipo amene akupirira akusiyana pati ndi amene akubalalika. Chilolezo chofunsa anthu mafunso nacho chinanditengera miyezi, fomu kubwerera katatu chifukwa cha chiganizo chimodzi. Ndiye mukandiona ndi kope, munthu aliyense ndimayamba ndamuwerengera kalata m'Chichewa, avomere yekha, ndipo dzina lake sindilemba paliponse.

Zoti idzatha liti, ndikatolera zonse ndikufunika chaka ndi theka cholemba, kenako ndikakhale pamaso pa akatswiri andifunse mafunso maola angapo ngati ndili pa bwalo la amfumu. Muziti zaka ziwiri, Mulungu akalola. Jakisoni yekha ayi, odwala muziwatumizabe kuchipatala.

Loweruka ndikubwera ku Santhe, ndipo inuyo muli pa mndandanda wanga, mukandifotokozere chimene munachepetsera fodya chaka chija. Azakhali muwauze andisungire nkhwani wotendera. Bandulo ikutha, tionana.