Kodi matope a pansi pa nyanja angatiuze za mvula yakalekale?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, dera la kuno ku Harare, amene makolo awo anachokera ku Nkhotakota. Mwana wawo wa Fomu 4 anawauza kuti asayansi amadziwa mmene mvula inkagwera zaka masauzande zapitazo pongofufuza matope a m'nyanja. Iwo akufunsa kuti: "Kodi zimenezi n'zoona, kapena mwanayu akungondinamiza?"

Mayi, mwanayo sakunama ayi. Tungani madzi pachitsime mvula itangokata, muwasiye m'ndowa usiku wonse. M'mawa mupeza mchenga uli pansi penipeni, pamwamba pake pali dothi lofewa ngati phala. Nyanja imachitanso chimodzimodzi, kungoti palibe amene amaitsuka. Mitsinje imabweretsa dothi, mphepo imabweretsa fumbi, mungu wa mitengo ndi phulusa la moto wolusa, ndipo tizamoyo ta m'madzi tikafa timamiranso. Za chaka chino zimakhala pamwamba pa za chaka chatha.

Nyanja yathu ya Malawi ndi yapadera pa nkhaniyi. Malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo mukapitirira mamita 250 mulibe mpweya wa okosijeni. Choncho kulibe nyongolotsi kapena nsomba zovundula matopewo, amakhala momwe anagwera. Mwera ukamawomba, umatembenuza madzi n'kukweza chakudya cha pansi, ndipo ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa diatom zimachulukana. Zikafa, zikamba zake zonga galasi zimasiya kamzere koyera. Dzinja likafika, mitsinje ngati Songwe ndi Ruhuhu imalavula dothi, n'kusiya kamzere kakuda. Koyera ndi kakuda pamodzi, chaka chimodzi chatha. Ineyo zimandikhudza mtima kuganiza kuti mwera umene agogo anu ankauopa ali m'bwato unasiya chizindikiro chake pansi pamenepo.

Mu 2005 akatswiri anakweza makina obowolera pa chombo cha Viphya, n'kubowola pansi pa nyanjayi mamita pafupifupi 380. Matope amene anatulutsa m'mapaipi akufika zaka zoposa miliyoni imodzi m'mbuyomu. Pofuna kudziwa zaka zake amawerenga timizere tija, amayezanso carbon-14 (mtundu wa kaboni umene umachepa pang'onopang'ono chamoyo chikafa) ya m'zinyalala za zomera, ngakhale njira imeneyi imalekezera pa zaka pafupifupi 50,000.

Zimene anapeza n'zoopsa. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zimene zinatsitsa madzi ndi mamita mazanamazana, nyanja yaikuluyo n'kusanduka kanyanja kosaya kamchere. Anadziwa bwanji? Pamagawo amenewo mungu wa mitengo ya m'nkhalango ndi wochepa, ndipo tizikamba timene tilipo ndi ta tizilombo tokonda madzi osaya. Anapezamonso timagalasi ta phulusa la phiri la Toba la ku Indonesia, limene linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Tangoganizani, phulusa kuwoloka nyanja yonse yamchere ya Indian Ocean n'kudzagona kwathu!

Kuno ku Harare tili ndi nyanja ya Chivero, koma iyo ndi mwana wakhanda. Damu lake linamalizidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, choncho matope ake sangatiuze za makolo akale. Amanena za ifeyo: zonyansa za m'masuweji zodzera m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, feteleza wokokoloka m'minda, namasupuni wowola, dothi la m'madambo amene tamangamo nyumba. Zimandipweteka chifukwa ndi madzi omwewo amene mzinda umamwa, ndipo matope akamachuluka malo osunga madzi amachepa.

Mukapeza mpata mu Okutobala madzi ataphwerako, mupite naye mwanayo kumeneko ndi kachidutswa ka paipi yapulasitiki. Aizike m'matope a m'mphepete, atseke kukamwa kwake ndi dzanja, aizule pang'onopang'ono. Timizere ta chaka ndi chaka sakationa, pakuti mafunde ndi mapazi a asodzi zimavundula malo osaya, koma akaona pomwe mchenga wa madzi osefukira walekezera ndi pomwe dothi lakuda lonunkha layambira.