Ng'oma yojambulidwa pa Korg Triton ikumveka yosweka: vuto lili pakhomo

Wowerenga wina amene amaimba kiyibodi kutchalitchi watilembera kuti anagula Korg Triton yakale, ija ya mu 1999, ndipo akufuna kujambuliramo ng'oma ya kwaya kuti aziiimba pa makiyi. Akuti akajambula, mawu akumveka ngati sipika yong'ambika, chonsecho Recording Level ya pa sikirini, yoonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya mawu ojambulidwa, anaitsitsa mpaka pansi. Funso lake ndi lakuti, kodi kiyibodiyo inawonongeka?

Achimwene, kiyibodi yanu ili bwinobwino. Mukutsitsa pamalo olakwika.

Mawu akalowa pa AUDIO INPUT kumbuyo kwa Triton, amadutsa malo awiri. Oyamba ndi pakhomo penipeni, pamene pali siwichi ya MIC/LINE ndi kabatani kopotokola ka LEVEL. Akachoka pamenepo amafika pa ADC, kachipangizo kosandutsa mawu kukhala manambala. Recording Level ya pa sikirini imabwera pambuyo pa zonsezi. Ndiye ngati mawu afika pa ADC ndi mphamvu yopitirira muyeso, nsonga zake zimadulidwa pomwepo, ndipo kutsitsa pa sikirini kumangochepetsa mawu osweka kale. Triton imakuchenjezani ndithu: pamwamba pa mita yoonetsa mphamvu ya mawu pamatuluka mawu akuti ADC OVERLOAD. Anthu ambiri sawaona chifukwa maso amakhala pa woimba ng'oma.

Yambani ndi siwichi. Maikolofoni imatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, mamilivoti owerengeka chabe, pamene mikisa imatulutsa pafupifupi mavoti 1.23 ikafika pa mulingo wake wanthawi zonse wa +4 dBu. Mukalumikiza chingwe chochokera ku mikisa siwichi ili pa MIC, kiyibodi imakuza mawu amene ndi aakulu kale, ndipo ngakhale mupotokole LEVEL chotani simupeza pabwino. Ndikukayikira kuti vuto lanu ndi limeneli, poti kumatchalitchi ambiri chilichonse chimadzera pa mikisa. Chochokera ku mikisa, foni kapena laputopu chikhale pa LINE. MIC ndi ya maikolofoni yolumikizidwa mwachindunji, ngati Shure SM58. Maikolofoni ya condenser pamenepa siigwira, chifukwa imafuna mavoti 48 a phantom power, magetsi odzera m'chingwe cha maikolofoni, amene Triton siipereka; imeneyo idzere pa mikisa.

Tsopano lowani mu Sampling, tsamba la Recording. Pa Input 1 ikani Level pa 127, BUS Select (njira imene mawu alowere) pa L/R, Pan (mbali imene mawu amvekere) kumanzere kwenikweni, kenako Sample Mode pa L-Mono. BUS ikakhala pa Off simumva kanthu, ndipo ena amathera tsiku lonse akusintha zingwe chifukwa cha kameneka. Recording Level muibwezere pa 0 dB ndipo muisiye pomwepo. Tsitsani LEVEL yakumbuyo mpaka pansi, muuze woimbayo amenye ng'oma mwamphamvu monga amachitira nyimbo ikafika pachimake, inu n'kumakweza pang'onopang'ono. ADC OVERLOAD ikangotuluka, bwererani m'mbuyo mpaka isiyiretu kuoneka, kenako bwererani pang'ono ndithu. Anthu poyeserera amamenya mwaulemu, koma kujambula kukayamba dzanja limalemera.

Ine ndimakonda nsonga zizifika cha pa -6 dB pa mita (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu, ndipo 0 dB ndiye malire). Ena amadandaula kuti kutero n'kutaya mawu, koma tiwerengere limodzi. Triton imajambula pa 16-bit, 48 kHz, ndipo biti iliyonse ndi pafupifupi 6 dB, kutanthauza 96 dB zonse pamodzi. Mukasiya mpata wa 6 dB mwataya biti imodzi, mwatsala ndi 90 dB, ndipo phokoso la m'tchalitchi momwemo, mbalame padenga ndi njinga zamoto kumsewu, ndi lalikulu kuposa pamenepo. Mawu ochepa mumawakweza pambuyo ndi Normalize, lamulo la mu Triton lokweza mawu ojambulidwa kale. Mawu odulidwa nsonga alibe mankhwala. Komabe musapitirirenso mbali inayo: mukajambula pa -30 dB, Normalize idzakweza ng'oma pamodzi ndi kaphokoso ka "sss" kochokera m'zipangizo.

Maikolofoni italikire ngati masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa chikopa, yopendekeka pang'ono. Ikayandikira kwambiri, mawu apansi amachuluka ndipo ng'oma imangomveka "bu bu" popanda kulira kwa chikopa. Mukamva kung'ung'udza kosalekeza, kumeneko ndi 50 Hz ya magetsi athu kuno. Ngati pali laputopu, zulani chaja ndipo nthawi zambiri kumatha.

Pojambula, sankhani Auto m'malo mwa Manual, ndipo Threshold, mulingo umene mawu akaufika kujambula kumayamba, muiike cha pa -30 dB kuti kujambula kuyambe kokha dzanja likafika pa ng'oma. Apa pali kamsampha: kiyibodi ikamazindikira mawuwo, chiyambi chake chimakhala chitadutsa kale, ndiye ng'oma imamveka yofooka. Pre Trigger ndi yothandiza pamenepa. Ikani mamilisekondi 5 kapena 10 ndipo kachiyambi kaja kasungidwa. Dinani REC/WRITE, kenako START/STOP. Mukatha, dulani mbali zopanda mawu ndi Truncate, chifukwa 16 MB imene Triton imabwera nayo imakwana mphindi 2 ndi masekondi 54 okha pa mono (mbali imodzi), ndipo theka lake pa stereo (mbali ziwiri). Ng'oma imodzi sifunika stereo.

Chomaliza, chimene chimaliza anthu kwambiri kwathu kuno: zimene mwajambula zimakhala mu RAM, malo osungira mawu mongoyembekezera, ndipo magetsi akangothima zapita zonse. Mukajambula mawu awiri kapena atatu okusangalatsani, pitani mu Disk n'kusunga ndi Save Sampling Data musanapitirize. Floppy imodzi ya 1.44 MB imanyamula pafupifupi masekondi 15 a mono, ndiye konzeranitu madisiki angapo woimba ng'oma asanafike.