Masabata awiri ku New Zealand: sankhani chilumba chimodzi

Achimwene, pa masabata awiri muli nawowo musalimbane ndi zilumba zonse ziwiri. Tengani cha kummwera, South Island: mutsikire ku Christchurch, mubwereke galimoto, mudzere ku Lake Tekapo, Aoraki/Mount Cook ndi Queenstown mpaka Te Anau.

Pa mapu dzikoli limaoneka laling'ono, koma misewu ndi yokhotakhota, yokwera mapiri, ndipo milatho ina imadutsa galimoto imodzi basi. Kuchokera ku Te Anau kukafika ku Milford Sound, malo otchuka kumene nyanja imalowa pakati pa mapiri, ndi makilomita pafupifupi 120, koma ine msewu umenewo unandidyera tsiku lonse chifukwa choimaima kuona mathithi. N'chifukwa chake mugone ku Te Anau, osati kudzukirira kuchokera ku Queenstown n'kubwerako usiku mutatheratu.

Disembala mpaka Febuluwale ndi nyengo yotentha, malo ogona amadzaza msanga, choncho sungitsiranitu. Pabwalo la ndege nenani chakudya chilichonse mwanyamula. Akachipeza musananene, chindapusa ndi madola 400 a kumeneko.

Za viza musadalire mawu anga. Funsani a Immigration New Zealand kapena mlangizi wokhala ndi chiphaso musanagule tikiti.