Achemwali, ntchito yogulitsa mankhwala ndi yabwino, koma mudziwe izi

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kusiya kauntala ya famase n'kulowa ntchito yogulitsa mankhwala a kampani, ija amailengeza kuti account manager kapena business development. Ine ndaigwira zaka zingapo muno mu Lilongwe, ndipo ndikuti loweni. Koma mulowe mukudziwa kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kulondola ngongole.

Mayinawo asakuopseni. Wa business development amasaka makasitomala atsopano, pomwe account manager amasamala amene alipo kale kuti asathawire kwina. M'makampani ang'onoang'ono zonsezi zimagwera munthu mmodzi, ndipo ambiri tinayamba ngati rep, woyendayenda kugulitsa mankhwala m'malo mwa kampani.

Dipuloma yanu ya ku Malawi College of Health Sciences ikuthandizani kwambiri. Wafamase akafunsa za mlingo wa mankhwala kapena kasungidwe ka insulin, mudzayankha pomwepo osaimbira foni ku ofesi, ndipo ulemu umayambira pamenepo. Onjezerani Excel ndi laisensi yoyendetsera galimoto.

Zipatala za boma zimatenga mankhwala ambiri ku Central Medical Stores Trust, ndipo kumeneko kampani imalowera pa tender motsatira malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Imeneyo siyoyambira. Inu yambani ndi mafamase a ku Old Town ndi Area 47, timakiliniki ta ku Kawale ndi Area 25, kenako zipatala za mipingo za bungwe la CHAM monga Likuni, Nkhoma ndi St Gabriel's ku Namitete. Mudziwane ndi wa kusitolo ya mankhwala komanso wa ku akaunti, osati adokotala okha ayi. Oda imalembedwa ndi wina, cheke chimasainidwa ndi wina.

Za ngongolezi ndinaphunzira mowawa. Chaka changa choyamba ndinapatsa kiliniki ina katundu wambiri chifukwa mwini wake ankandilandira bwino, osalemberana tsiku lolipira. Panatha miyezi inayi ndikungouzidwa kuti bwerani mawa, komishoni yanga ili chigwirire. Ndiye pa intaviyu funsani mosachita manyazi: komishoni amawerengera pa zomwe mwagulitsa kapena pa ndalama zomwe zalowa? Mafuta ndi mayunitsi amapereka ndani? Mankhwala akatha nthawi ali pashelefu ya kasitomala, amaluza ndani?

Musaiwalenso kuti mankhwala ambiri amachokera kunja, makamaka ku India, ndiye ndalama zakunja zikasowa katundu amachedwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yomwe tinali titalonjeza makasitomala inasanduka mtolo. Kuyambira pamenepo kotesheni iliyonse ndimalembapo tsiku lomwe mitengo yake isiye kugwira ntchito, ndipo chomwe sindinachione ndi maso ku weyahausi sindilonjeza. Kunena kuti palibe kumawawa tsiku limodzi, koma kasitomala amakuimbiraninso.

Chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse. Kumapeto kwa mwezi, tageti ikakuthinani, adzabwera wina ndi ndalama m'manja kufuna makatoni a amoxicillin opanda pepala lililonse. Funsani chiphaso cha PMRA, bungwe loyang'anira mafamase ndi mankhwala, akakanika mubwezeni. Mankhwala amenewo amakathera pamsika, padzuwa, kenako m'mimba mwa mwana wa munthu, ndipo dzina lomwe lili pa invoisi ndi lanu.

Mukaitanidwa ku intaviyu mundiuze, tidzayeserere limodzi mafunso.